Masewera a m'kalasi m'nyengo yachisanu: kuphunzitsa chinenero cha ana thupi lili pa ntchito

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli, mphunzitsi athe:

- kufotokoza chifukwa chake ana aang'ono amalephera kukhala phee akatsekeredwa m'kalasi;
- kutsogolera masewera asanu amene amatenthetsa thupi ndi kuphunzitsa Chinyanja nthawi imodzi;
- kukonza chipinda kuti ana asewere mopanda ngozi.

Nyengo ya kwathu

Boma la Moatize lili ndi madera awiri osiyana nyengo. Tauni ya Moatize ili kuchigwa, pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo kumeneko kumatentha miyezi yambiri ya chaka. Munthu akatsata msewu wa EN7 amakwera pang'onopang'ono mpaka kufika kumapiri a ku Zóbuè, pamalire ndi boma la Mwanza la ku Malawi. Kumtundako, miyezi ya Juni ndi Julayi kumacha ndi nkhungu, mphepo yozizira ndiponso, masiku ena, mvula yowaza. Ana ambiri amafika kusukulu opanda juzi, manja atapinda pachifuwa. Kuchigwa chisanu sichikhalitsa, koma m'chilimwe mphepo imanyamula fumbi la m'misewu ndi la kumigodi ya malasha, ndipo mvula ya Febuluwale ndi Malichi imasandutsa bwalo la sukulu kukhala matope. Zifukwa n'zosiyana koma zotsatira zake n'zofanana: ana satuluka, ndipo mphunzitsi amakhala nawo m'chipinda chimodzi kuyambira poyamba mpaka poweruka.

Tsiku lotere likafika pakati, ana amayamba kutsinana, kukankhana ndi kupempha kupita kuchimbudzi mosalekeza. Mphunzitsi wotopa amaganiza kuti ndi mwano, natola ndodo. Koma mwana wazaka zisanu ndi chimodzi sanalengedwe kuti akhale pansi maola ambiri. Malangizo amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu kwa mphindi 60 pa tsiku. Mphamvu imene ikanathera pa phada, chipako kapena jingo sizimirira chifukwa kunja kwazizira. Imafuna potulukira. Mwana amene amakwapulidwa chifukwa chotakataka tsiku lililonse lozizira amayamba kuona sukulu ngati malo a chilango, ndipo m'mawa wina wankhungu sadzukanso kuti apiteko.

Chifukwa chake masewerawa achitike m'chinenero cha ana

Chigawo cha Tete si chachilendo pa nkhani yophunzitsa m'zinenero ziwiri. Ntchito yoyeserera ya PEBIMO, imene inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, inagwiritsa ntchito Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, ndiponso Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Maziko a njira imeneyi ndi akuti mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'chinenero chimene amachimva kale, kenaka awolokere ku Chipwitikizi atakhwima.

Masewera a thupi amatsimikiza maziko amenewa poyera. Mukauza ana kuti "njutani", onse amanjuta nthawi yomweyo, ndipo inu mumaona ndi maso kuti amva. Mwana wamanyazi, amene sakweza dzanja, amayankha ndi miyendo. Choncho masewera sakuba nthawi ya phunziro. Akakonzedwa bwino, ndiwo phunzirolo.

Masewera oyamba: kudumpha maphatikizo

Ana aime pamalo awo. Tchulani mawu amodzi momveka bwino, ndipo ana awabwereze akudumpha kamodzi pa phatikizo lililonse. Yambani ndi mawu a maphatikizo awiri monga *nyu-mba* ndi *ga-lu*, pitani ku atatu monga *chi-ma-nga* ndi *chi-vwe-nde*, kenaka anayi monga *gu-lu-gu-fe*. Ana akazolowera, gwiritsani ntchito mayina awo, pakuti mwana aliyense amakondwa kumva kalasi yonse ikudumpha dzina lake.

Mphunzitsi asamale ndi lembo la *m* loyamba mawu. M'mawu ngati *mtengo* ndi *mpando*, lembo limeneli limaima palokha ngati phatikizo: *m-te-ngo*, *m-pa-ndo*. Koma mu *mbuzi* ndi *mphasa* limamatirira ku malembo otsatira: *mbu-zi*, *mpha-sa*. Ana a kalasi yoyamba musawafotokozere lamulo. Ingotchulani mawuwo mwachifatse, ndipo makutu awo adzawatsogolera. Pomaliza lembani pa bolodi mawu atatu mwa amene adumphidwa, mowagawa m'maphatikizo. Tsatirani kalembedwe ka m'buku la ana. Ana a kumalire amaona *cimanga* m'mabuku a ku Mozambique ndi *chimanga* pa zolemba zochokera ku Malawi, ndipo ndi bwino kuwauza msanga kuti katchulidwe n'kamodzi.

Masewera achiwiri: mvekero

Chinyanja n'cholemera ndi mvekero, mawu amene amajambula kachitidwe ka chinthu. Ana amawamva kwa agogo awo tsiku ndi tsiku, koma kawirikawiri amasiyidwa pakhomo pa kalasi. Nenani chiganizo chachifupi chokhala ndi mvekero, ndipo ana achisonyeze ndi thupi:

- Mwana wazizidwa, ali *njenjenje*.
- Mtengo uli *pendapenda* ndi mphepo.
- Munthu wasenza katundu wolemera, akuyenda *dzandidzandi*.
- Nanzikambe akuyenda *nyang'anyang'a*.
- Gwape wamva galu, *dzambatu!*
- Msilikali waima *nji*.

Sinthanitsani zofulumira ndi zodekha, kuti mtima uthamange kenaka upume. Mukatha, funsani ana kuti: "Kwanu mumati chiyani munthu akagwa? Nanga mvula ikamagwa pa malata?" Mayankho adzasiyana malinga ndi mudzi, ndipo onse alandiridwe. Apa mwana amaphunzira kuti mawu a kunyumba kwake ali ndi malo kusukulu.

Masewera achitatu: Amfumu akuti

Mtsogoleri apereke malamulo: dumphani, tembenukani, gwirani mawondo, pondani pansi, tambasulani manja. Ana amvere lamulo lokhalo limene layamba ndi mawu akuti "Amfumu akuti". Masewerawa amaphunzitsa kumvetsera, aneni ndi mayina a ziwalo za thupi. M'kalasi yachiwiri ndi yachitatu onjezerani msintho wa aneni, kuti ana amve m'thupi kusiyana kwa "gwirani phewa", "gwiranani manja" ndi "gwiritsani mpando", kapena kwa "yendani" ndi "yendetsani mnzanu".

Mwana akalakwa asatuluke m'masewera. Kutulutsa wolakwa kumakhazika pansi mwana yemwe uja amene akufunikira kwambiri kutakataka. M'malo mwake adumphe kasanu n'kupitiriza.

Masewerawa ndi mlatho wabwino wopitira ku Chipwitikizi. Katswiri wa ku America, James Asher, anatchuka ndi njira yophunzitsira chinenero chachilendo mwa kupereka malamulo amene ophunzira amayankha ndi thupi asanayambe kuyankhula. Ana akadziwa bwino masewerawa m'Chinyanja, achiteninso pa nthawi ya phunziro la Chipwitikizi ndi mawu ochepa monga *saltem*, *sentem-se* ndi *levantem-se*. Popeza malamulo a masewera amawadziwa kale, nzeru zawo zonse zimapita pa mawu atsopanowo.

Masewera achinayi: nthano yoyenda

Yambani nthano monga mwa mwambo wake, ana akuvomera kuti ali nanu pamodzi. Koma m'malo mokhala pansi, ana achite chilichonse chimene mwini nthano akuchita. Mwachitsanzo, Kalulu wanyamuka kumsika wa ku Zóbuè atasenza thumba la mbatata. Akukwera phiri, ndipo ana akweza mawondo. Wakumana ndi njuchi, ana awerama ndi kukupiza manja. Wafika pamtsinje wa Revúboè, ana adumpha pamiyala. Wamva Fisi, ana athamanga pamalo amodzi. Walowa kuuna, ana anjuta n'kukhala chete.

Ana akakhala pansi, afunseni kuti: "Choyamba chinali chiyani? Nanga Kalulu atawoloka mtsinje kunachitika chiyani?" Mudzaona kuti ngakhale ana amene amaiwala msanga akukumbukira ndondomeko ya nkhani, chifukwa miyendo yawo inayenda ulendowo. Luso lolondoloza nkhani ndilo lidzawathandize kumvetsa zimene awerenga ndi kulemba chimangirizo m'makalasi a kutsogolo.

Masewera achisanu: zisanu n'zina

Kawerengedwe ka Chinyanja kamatsamira pa zisanu: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Tchulani nambala, ndipo ana adumphe kasanu, kenaka aombe m'manja zotsalazo. Pa zisanu ndi zitatu adzadumpha kasanu ndi kuomba katatu. Lembani 5 + 3 = 8 pa bolodi. Mwana amazindikira kuti masamu amene akuona pa bolodiwo anali kale m'mawu amene amayankhula.

Nthawi ndi dongosolo

Masewera amodzi asapitirire mphindi zitatu mpaka zisanu. M'phunziro la mphindi 45, ndi bwino kuchita amodzi poyambirira, kuti manja ozizira athe kugwira pensulo, ndi ena pakati, ana akayamba kutopa. Musadikire kuti phokoso liyambe, chifukwa ana angaphunzire kuti kusokoneza ndiko kumabweretsa masewera.

Musanayambe, gwirizanani ndi ana za chizindikiro choimira, monga kuomba m'manja katatu kapena kukweza dzanja, ndipo chiyeserereni mpaka onse achidziwe. Malizani nthawi zonse ndi chinthu chodekha: ana apume mozama katatu, akhale pansi, ndipo mupite msanga ku ntchito yowerenga kapena kulemba yogwirizana ndi mawu amene asewera nawo. Ngati kalasi ndi yodzaza, mizere isinthane, wina ukudumpha pamene wina ukuwerenga ndi kuomba m'manja. Kambiranani ndi mphunzitsi wa chipinda choyandikana nacho kuti phokoso lisagwe pa nthawi ya mayeso ake.

Chitetezo ndi kusamalira mwana aliyense

Chotsani miyala yokhalira, matumba ndi mabenchi othyoka pamalo odumphira. Ngati pansi ndi padothi, wazani madzi pang'ono m'mawa kuti fumbi lisabuke, makamaka kumene ana ambiri akutsokomola. Musatseke mawindo onse, ngakhale kuzizire. Koposa zonse, musalowetse mbaula ya makala m'kalasi. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, komanso ana othamanga angagwere pamoto.

Yang'anirani mwana amene wabwera osadya, wodwala kapena wopuma movutika. Ameneyo apatsidwe ntchito yopepuka, monga kuwerenga kadumphidwe ka anzake. Mwana wolumala miyendo angaombe m'manja, kuimba ng'oma kapena kukhala Amfumu opereka malamulo. Wosamva bwino aime kutsogolo kuti aone milomo ndi manja anu. M'masukulu a ku tauni ya Moatize ndi madera ozungulira, kumene ana ambiri amayankhula Chinyungwe, funsani ana kuti mawu amene mwatchula amanenedwa bwanji kwawo, ndipo tsiku lina iwo atsogolere m'chinenero chawo. Atsikana ndi anyamata azisinthana utsogoleri mofanana.

Makolo ena akamva phokoso angaganize kuti ana akungosewera. Pa msonkhano wa makolo, itanani ana angapo adumphe maphatikizo kenaka awerenge mawu omwewo pa bolodi. Kholo likaona ndi maso limamvetsa msanga, ndipo lingathe kupitiriza masewerawa kunyumba madzulo, kutali ndi moto.

Ntchito ya ophunzira uphunzitsi

1. M'magulu a anthu anayi, lembani mawu 20 oyenera kalasi yoyamba, ndipo muwaike m'magulu malinga ndi kuchuluka kwa maphatikizo. Mukhale mawu osachepera atatu oyamba ndi *m* woima payekha.
2. Sonkhanitsani mvekero khumi wa m'dera limene mudzaphunzitse. Pa uliwonse lembani chiganizo ndi kachitidwe ka thupi koyenera.
3. Pekani nthano yoyenda ya mphindi zinayi yotchula malo amene ana anu amawadziwa, ndipo mukonze mafunso atatu olondoloza nkhani.
4. Lembani chikonzekero cha phunziro la mphindi 45 la tsiku lozizira, chosonyeza pamene masewera alowere, luso la chinenero limene aphunzitse, ndi ntchito imene mwana wosatha kudumpha adzagwire.
5. Phunzitsani anzanu gawo limodzi la chikonzekerocho. Iwo aone ngati malangizo anamveka, ngati onse anatenga mbali, ndiponso nthawi imene kalasi inatenga kuti ikhalenso bata.