Mapiritsi Atatu a ku Sikelo

Mayi aliyense amene anayendako sikelo ali ndi pakati amawadziwa mapiritsi atatu oyera aja. Anamwino salola kuti muwamange pa nsonga ya chitenje kuti mukamwere kunyumba. Amakupatsani madzi, n'kuima pomwepo mpaka mutameza. Mapiritsiwa ndi Fansida, amene achipatala amawatchula kuti SP. Kodi anadziwa bwanji kuti mankhwala amenewa ndi oyenera mayi woyembekezera? Anadziwa kudzera mu kafukufuku, ndipo mbali yaikulu ya kafukufukuyo inachitikira kwathu konkuno ku Malawi.

Malungo a mayi wapakati ndi obisala. Tizilombo take timakonda kukhala m'nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya kuchokera kwa mayi. Mayi akhoza kumapita kumunda ndi kumjigo osamva kutentha thupi, pamene nsengwa yadzaza tizilombo. Magazi ake amachepa, ndipo mwana amabadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Amene amavutika kwambiri ndi a mimba yoyamba ndi yachiwiri.

Kale amayi ankapatsidwa kolokwini woti azimwa sabata iliyonse. M'zaka za m'ma 1980 tizilombo tinayamba kumupima mphamvu kolokwiniyu. Kuyambira mu 1987, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la ku America la CDC unayamba kutsata amayi oyembekezera ku Mangochi. Mu 1992 anayerekeza kolokwini ndi Fansida. Amayiwo atachira, ofufuza anayeza magazi a m'nsengwa zawo. Mwa amene ankamwa kolokwini yekha, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi tizilombo. Mwa amene anamwa Fansida kawiri, anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Mu 1993 dziko la Malawi linayamba kupereka Fansida ku sikelo, mayiko ena a mu Africa n'kutsatira pambuyo.

Umu ndi mmene kafukufuku wa mankhwala amayendera. Pamakhala magulu awiri kapena atatu a amayi ofanana, gulu lililonse ndi mankhwala ake, kenaka n'kuona kumene kwatuluka zabwino. Masiku ano wosankha gulu si dokotala ndipo si inu. Amachita mayere pa kompyuta, kuti pasakhale kukondera. Nthawi zina ngakhale anamwino sadziwa mankhwala amene muli kumwa mpaka kafukufuku atatha. Kuwerengera kwa zotsatira n'kovuta, kuli ndi akatswiri ake a masamu.

Kafukufuku asanayambe amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowamo. Kuno kwathu kuli ya boma yotchedwa NHSRC, ndi ina yotchedwa COMREC ku Blantyre. Koma chilolezo chomaliza ndi chanu, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa bwino.

Akakupemphani kulowa m'kafukufuku, adzakupatsani chikalata. Chikalatacho chiyenera kukhala m'chilankhulo chimene mumamva. Musasaine chifukwa choona anzanu pa benchi asaina, kapena chifukwa cha manyazi ndi munthu wovala yunifomu. Werengani pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Ngati kuwerenga sikunakhazikike, pemphani akuwerengereni chonse, osati mutu wokha. Pamene mukudinda ndi chala, payenera kukhala mboni imene si ya gulu la ofufuzawo, yoti yamva zonse zimene mwauzidwa. Funsani kuti mankhwalawo angakuchiteni chiyani m'thupi, muzibwera kangati, adzatenga magazi ochuluka bwanji, ndipo mukadwala usiku muimbire ndani. Mukhoza kunena kuti mukufuna mukaganize kaye kapena mukakambirane ndi bambo a kunyumba ndi apongozi. Kukambirana n'kwabwino, koma thupi ndi lanu, wosaina ndinu. Akupatseni chikalata chanu chopita nacho kunyumba. Chisungeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, chiswe ndi mvula zisachiononge.

Kukana n'kololedwa. Mayi wokana apitirizabe sikelo ndi kulandira chithandizo monga wina aliyense. Wovomera akhozanso kusiyira pa njira. Ndalama imene amapereka tsiku la ulendo ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu, si malipiro. Musalowe kafukufuku chifukwa cha ndalamayo, ndipo musabise matenda kapena kunama miyezi ya mimba kuti akulembeni. Bodza lotero likhoza kuvulaza inu ndi mwana.

Nkhani ya magazi imaopsa ambiri, ndipo mphekesera za anamapopa tonse tinazimva. Thupi la munthu wamkulu limakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Amene amatengedwa pa mkono kukayeza nthawi zambiri amangokwana tisupuni tochepa ta tiyi, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Muli ndi ufulu wofunsa kumene magaziwo akupita ndi chimene akukayeza.

Mukavomera, sungani masiku amene akulemberani. Mayi akasowa, ofufuza sadziwa ngati mankhwala anamuthandiza kapena ayi. Mapiritsi a kafukufuku musagawireko mnansi wanu ngakhale adwale bwanji.

Kafukufuku sanathere ku Mangochi. Mu 2012 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti Fansida asamaperekedwe kawiri kokha, koma pa ulendo uliwonse wa ku sikelo, potalikirana mwezi umodzi, kuti mayi amwe katatu kapena kuposa. Popeza tizilombo tayambanso kumuzolowera Fansida, amayi a ku Malawi, Kenya ndi Tanzania anayesa mankhwala ena atsopano. Zotsatira zinatuluka mu 2023. Mankhwala atsopanowo anateteza bwino ku malungo, komabe ana a amayi omwa Fansida ndi amene anabadwa olemerako. N'chifukwa chake mapiritsi atatu aja akadalipo ku sikelo.

Fansida samwedwa m'miyezi itatu yoyamba ya mimba. Koma musadikire mpaka mimba ionekere kwa anthu musanayambe sikelo, chifukwa woyamba mochedwa sakwanitsa kumwa katatu. Idyani kaye phala musananyamuke, ndipo usiku muzigona m'neti. Ngati mumamwa Bakitirimu tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, auzeni anamwino asanakupatseni madzi aja, pakuti Bakitirimu ndi Fansida samwedwa limodzi.