Kukhala Zaka Zambiri ndi Cochlear Implant: Malangizo kwa Mabanja a ku Vubwi, Sinda ndi Katete

Cochlear implant ndi chipangizo chimene madokotala amaika kwa munthu wogontha kwambiri, amene zipangizo wamba zokuzira mawu sizimuthandizanso. Mbali yake ya mkati imaikidwa pa opaleshoni pansi pa khungu kuseri kwa khutu, ndipo ili ndi maginito ndi kachingwe kopyapyala kamene kamalowa mu cochlea, kachiwalo ka mkati mwa khutu kopindika ngati chigoba cha nkhono. Mbali ya kunja, yotchedwa pulosesa, imatola mawu, kuwasandutsa timphamvu ta magetsi ndi kutitumiza kudutsa pakhungu, kuti mtsempha wakumva upititse uthengawo ku ubongo.

Zipangizo za mtundu wa masiku ano zinayamba ndi ntchito ya Ingeborg ndi Erwin Hochmair ku Vienna mu 1977, ndi ya Graeme Clark ku Melbourne mu 1978. Ku Malawi, dokotala wa makutu Wakisa Mulwafu wa ku Blantyre ndi anzake anafalitsa mu 2017 lipoti la anthu anayi oyamba kuikidwa chipangizochi m'dzikomo. Mbali ya mkati imapangidwa kuti ikhale zaka makumi angapo, pamene pulosesa imakalamba msanga, choncho kwa banja la ku Vubwi ku Zambia, kumene akatswiri ali kutali, kumva kwa munthu kumadalira kwambiri mmene mbali ya kunjayi ikusamalidwira.

1. Kusunga mbiri ya chipangizo

Munthu akatuluka m'chipatala ayenera kukhala ndi khadi losonyeza kampani imene inapanga chipangizo, mtundu wake, nambala yake, khutu limene chinaikidwa ndi tsiku la opaleshoni. Makampani odziwika kwambiri ndi Cochlear ya ku Australia, MED-EL ya ku Austria ndi Advanced Bionics ya ku America, ndipo pulosesa ya kampani imodzi siigwira ntchito pa mbali ya mkati ya kampani ina. Khadilo lijambulidwe pa foni, ndipo zolembedwamo zikoperedwe m'buku la kuchipatala.

2. Kuteteza pulosesa ku chinyezi ndi fumbi

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimachititsa dzimbiri polowera batire, pamene mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi thukuta zimatseka timabowo ta maikolofoni. Madzulo alionse pulosesa ipukutidwe ndi kansalu kouma ndi kuikidwa m'kabokosi koumitsira, kamene kamakhala ndi mankhwala okoka chinyezi, koma isaumitsidwe padzuwa kapena pafupi ndi moto. Posamba ivulidwe, kupatula ngati ili ndi chotchingira madzi chochokera ku kampani. Kachingwe kolumikiza pulosesa ndi maginito a kunja omamatira pamutu ndiko kamaduka kawirikawiri, makamaka kwa ana, motero m'nyumba muzikhala kena kosungira.

3. Kukonzekera za mabatire

Mapulosesa ambiri ovala kuseri kwa khutu amagwiritsa ntchito mabatire aang'ono a nambala 675, amene amatha m'masiku owerengeka ndipo sapezeka m'magolosale a kumudzi, kapena mabatire otchajidwa amene amafuna magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Batire ya 675 imayamba kugwira ntchito mpweya ukalowa, choncho kapepala komata pamwamba pake kasamatulidwe nthawi yoigwiritsa ntchito isanakwane. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, kunasonyeza kuti ngakhale amene ali ndi magetsi a ZESCO afunika sola yaing'ono. Mabatire asungidwe posafikira ana, chifukwa mwana akameza batire amafunika kuthamangira naye kuchipatala.

4. Kupita kokatchunitsa

Kutchuna ndi ntchito imene katswiri wa za kamvedwe amachita pa kompyuta, poyeza mphamvu ya magetsi imene munthu amayamba kumva nayo mawu ndi imene mawu amakula nayo popanda kumupweteka. M'chaka choyamba kutchuna kumachitika kangapo, kenako kamodzi pachaka, kapena pamene mawu asintha kamvekedwe. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka, kumene kuli University Teaching Hospitals ndi chipatala cha Beit CURE chimene chili ndi gawo la makutu, ndi ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road, pamene Lilongwe, kumene kuli ABC Hearing Clinic, ili pafupi podzera pa chipata cha m'malire cha Mwami. Banja liziyamba laimba foni kufunsa ngati malowo ali ndi zida zotchunira chipangizo cha kampani yawo. Kutchuna kudzera pa intaneti kunavomerezedwa ku America mu 2017, ndipo ndi bwino kufunsa ngati gulu limene linachita opaleshoni lingathe kutero.

5. Kuteteza mbali ya mkati

Munthu wokhala ndi chipangizochi ali pachiopsezo chokulirapo cha matenda oumitsa khosi, choncho alandire katemera wa tizilombo ta pneumococcus monga dokotala walangizira. Khutu likatuluka mafinya, kapena kutentha thupi kukabwera limodzi ndi mutu waukulu ndi kuuma khosi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, kumene angamutumize ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central Hospital, ndipo m'khutu musathiridwe mafuta kapena mankhwala azitsamba. Khungu la pansi pa maginito likafiira kapena kuchita chilonda, nthawi zambiri ndiye kuti maginito akoka kwambiri ndipo afunika kusinthidwa ndi ofooka. Asanajambulidwe pa makina a MRI, amene ali ndi maginito amphamvu, kapena asanachitidwe opaleshoni yogwiritsa ntchito zida zamagetsi zowotchera mitsempha ya magazi, aonetse khadi lake, chifukwa malamulo amasiyana malinga ndi mtundu wa chipangizo. Pokwera njinga yamoto azivala chipewa chotetezera mutu.

6. Kukonzekera pulosesa yatsopano

Pulosesa imasinthidwa pakapita zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo pakapita nthawi makampani amaleka kukonza mitundu yakale. Mapulosesa atsopano amachepetsa phokoso, amalumikizana ndi foni popanda waya, ndipo ambiri amagwirizana ndi mbali ya mkati imene inaikidwa kalekale, kotero kuti luso latsopano limafika kwa munthu popanda opaleshoni ina. Pachifukwa chomwechi, makolo a mwana wogontha asachedwetse opaleshoni podikira chipangizo chabwinopo, popeza ubongo umaphunzira chilankhulo bwino mwana akadali wamng'ono. Mtengo wa pulosesa ndi wokwera kwambiri, choncho opaleshoni isanachitike banja lifunse momveka kuti adzalipira zokonzetsa ndi zosintha ndani, ndipo chaka chilichonse likagulitsa soya kapena mtedza lizipatula ndalama ya mabatire, zingwe ndi thiransipoti. Pulosesa yatsopano imamveka mwachilendo kwa milungu ingapo mpaka ubongo utazolowera, ndipo yakale isungidwe kuti izithandiza inayo ikawonongeka.

7. Kupitiriza kuphunzira kumva ndi kulankhula ndi manja

Pulosesa ivalidwe nthawi yonse imene munthu ali maso, ndipo a m'nyumba azilankhula naye moyang'anizana, wailesi itatsitsidwa. Kusukulu mwana akhale kutsogolo, ndipo mphunzitsi adziwe kusintha batire. Komabe pulosesa ikavulidwa kapena ikawonongeka munthuyo samva, ndipo kukonzetsa kungatenge milungu. N'chifukwa chake banja lonse liphunzire chinenero chamanja cha ku Zambia, chimene chimaphunzitsidwa pa sukulu ya ana osamva ya Magwero pafupi ndi Chipata, kuti mwana asasiye kuphunzira ndi kucheza pamene chipangizo chapita kokonzedwa.