PHUNZIRO 17: GALIMOTO IMENE TINAPANGANA SINABWERE

TIWERENGE

Amayi ndi abambo, tikatha kukolola ntchito ina imayamba. Chimanga, mpunga, nandolo ndi soya zili m'matumba. Nsomba zouma za ku nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta zili m'madengu. Zonsezi ziyenera kufika ku msika wa ku Insaca, ku Entre Lagos kapena ku Cuamba. Matumba 60 sitingawasenze pamutu. Njinga imatenga thumba limodzi kapena awiri. Tsono timasonkha ndalama, nkuchita hayala galimoto.

Kale sizinali chomwecho. Njanji yochokera ku Cuamba inafika ku malire a Malawi, pa Entre Lagos, m'chaka cha 1970. M'zaka za m'ma 1980 mbeu zambiri za alimi zinkagulidwa ndi bungwe la boma la AGRICOM, ndipo nkhondo inatseka miseu yambiri. Mtendere utabwera mu 1992, magalimoto a anthu wamba anayamba kuchuluka. Lero mlimi apangana yekha ndi mwini galimoto. Chifukwa chake mlimi ayenera kudziwa kupangana.

Vuto limene tiphunzire lero ndi ili. Tapangana lole ya matani 3. Tapereka ndalama yotsogoza. Matumba tatulutsa kale, ali pambali pa mseu. Dzuwa lakwera, ndipo galimoto yafika. Koma si ija tinapangana. Mwini wake akuti: "Ija yafa, tengani iyi. Galimoto ndi galimoto."

Kodi nzoona kuti galimoto ndi galimoto? Iyayi. Khasu ndi nkhwangwa zonse nzachitsulo, koma sitilima ndi nkhwangwa.

KODI TIMALIPIRA CHIANI?

Pochita hayala sitilipira maonekedwe a galimoto kapena dzina lake. Timalipira ntchito. Ntchitoyo ili ndi mbali zitatu: katundu yense anyamulidwe, adutse pa mseu wathu, afike tsiku limene tinagwirizana. Galimoto ina ikatha kuchita zitatuzi pa mtengo womwewo, palibe mlandu. Ikalephera chimodzi, pangano lasintha, ndipo mtengo uyenera kukambidwanso.

M'mizinda yaikulu monga Nampula ndi Maputo muli makampani obwereketsa magalimoto. Iwo amagawa magalimoto ao m'magulu: ang'ono, apakati, akulu, ndi okoka ndi mawilo onse anayi. Munthu sasungitsa galimoto imodzi yodziwika, amasungitsa gulu. Pa pepala amalemba dzina la galimoto, ndipo patsogolo pake mau a Chipwitikizi akuti "ou similar", ndiye kuti "kapena yofanana nayo". Gulu limene munthu anasungitsa likasowa, chizolowezi cha makampani ambiri ndi ichi: amampatsa galimoto ya gulu lapamwamba osaonjeza mtengo, kapena ya gulu lotsika nkuchotsera mtengo. Munthu wakutauni amachidziwa chizolowezi chimenechi ndipo amachifunsa. Ifenso kuno kumudzi tingachifunse, pakuti ndalama ya mlimi ndi ya munthu wakutauni ndi imodzimodzi.

TISANAKWEZE THUMBA LIMODZI

Mphamvu yathu ili pa nthawi imene matumba akadali pansi. Tikakweza, tavomera. Tsono tisathamange. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyambe taona zinthu zinayi.

Choyamba, imanyamula zochuluka bwanji? Tisadalire maso okha kapena mau a dalaivala. Galimoto iliyonse ili ndi kabuku kake kotchedwa livrete. M'menemo muli mau awiri ofunika kuwadziwa. "Tara" ndi kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. "Peso bruto" ndi kulemera konse kololedwa, galimoto pamodzi ndi katundu wake. Tikachotsa tara pa peso bruto, chotsala ndicho katundu amene galimotoyo ingatenge. Anthu okwera pamwamba nawonso ali m'chiwerengero chimenechi.

Chachiwiri, kodi idutsa pa mseu wathu? Dziko lathu la Mecanhelas lili ndi madambo ambiri, makamaka kufupi ndi nyanja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi matope amagwira galimoto yotsika mimba. Lole yaikulu kwambiri nayonso ili ndi vuto lake: ingathyole kamlatho ka mitengo kamene mudzi wonse umadalira.

Chachitatu, kodi ili ndi lona? Chimanga chonyowa chimachita nkhungu, ndipo wogula amachikana kapena kutsitsa mtengo. Tione pansi pa bodi ngati palibe mafuta a dizilo kapena feteleza wotayika. Chakudya sichiyenda pamodzi ndi mankhwala.

Chachinayi, matayala ali bwanji, ndipo lapadera lilipo? Dalaivala ali ndi chiphaso chake choyendetsera? Pepala la inshuwalansi, lotchedwa seguro, lilipo? M'dziko lathu lamulo la chaka cha 2003 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nalo. Apolisi akaimitsa galimoto yopanda mapepala, katundu wathu amaima nayo pamodzi.

Kufunsa zimenezi si chipongwe. Safunsa anadya phula.

TIWERENGERE PAMODZI

Mitengo ili m'munsiyi ndi yongophunzirira masamu. Aliyense aikepo mitengo ya kwao.

Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000. Choncho tani imodzi ndi matumba 20. Gulu lathu lili ndi matumba 60, ndiwo matani 3. Tinapangana lole ya matani 3, ulendo umodzi, pa mametikali 9,000. Tigawe 9,000 ndi 60. Thumba lililonse likulipira mametikali 150.

Yabwera yaing'ono. Ndi ya tani imodzi. Mwini wake akuti: "Iyi njotchipa, ulendo ndi 4,000 basi." M'khutu zikumveka bwino, pakuti 4,000 ndi yochepa kuposa 9,000. Koma tiwerenge. Matumba 60 afuna maulendo atatu. Maulendo atatu pa 4,000 ndi mametikali 12,000. Thumba lililonse tsopano likulipira 200. Gulu lataya mametikali 3,000, ndipo ulendo wachitatu udzafika msika utatha. Yankho lathu nlakuti: maulendo onse atatu achitike pa 9,000 yomwe ija, pakuti amene wasintha galimoto si ife.

Wina anganene kuti: "Tingopanikiza matumba 35 pa ulendo umodzi." Ichi tikane. Matumba 35 ndi makilogalamu 1,750 pa galimoto ya makilogalamu 1,000. Masipuling'i amathyoka, tayala limaphulika, mabuleki sagwira potsetsereka. Pamwamba pa matumbawo pamakhala ana athu ndi abale athu. Ndalama yotayika tidzaipezanso chaka chamawa, koma munthu sabwerera.

Yabwera yaikulu. Ndi ya matani 7, yotenga matumba 140. Mwini wake akufuna 14,000. Ife sitinapemphe lole yaikulu, ndipo malo otsalawo sitikuwafuna. Tilipira 9,000 imene tinapangana. Koma apa pali mwai ngati mseu ndi milatho zikulola. Malo a matumba 80 atsala. Tikaitana anzathu a mudzi woyandikana nkudzaza loleyo, 14,000 igawidwa pa matumba 140. Thumba lililonse lilipira 100 m'malo mwa 150. Mwini lole wapindula, ifenso tapindula. Koma zimenezi tichite mwa kufuna kwathu, osati mokakamizidwa.

NJIRA ZITATU

Titaona ndi kuwerengera, tisankhe njira imodzi mwa zitatu izi.

1. Kulandira galimoto yabwerayo, ngati ikwanitsa ntchito yonse pa mtengo wa pangano kapena wotsikirapo.

2. Kudikira galimoto imene tinapangana, ngati katundu wathu saonongeka msanga. Chimanga chouma chingadikire masiku awiri. Tomato ndi nsomba zaziwisi sizidikira. Tikasankha kudikira, tsiku latsopano lilembedwe.

3. Kukana, kulandiranso ndalama yathu, nkufuna galimoto kwina. Pa mtunda waufupi ngolo ya ng'ombe kapena thirakitala yokoka ngolo ingatithandize kufikitsa katundu pa mseu waukulu.

Posankha asalankhule anthu khumi nthawi imodzi. Gulu likhale pambali, ligwirizane, ndipo mmodzi alankhule m'malo mwa onse. Alankhule mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, motere: "Bambo, takulandirani. Tinapangana lole ya matani 3 pa 9,000, pepala lake ndi ili. Iyi ndi ya tani imodzi. Ngati muyenda katatu pa mtengo womwewo, tikweze. Ngati simungathe, mutibwezere ndalama yathu, tisiyane bwino."

Tikumbukenso kuti si mwini galimoto aliyense amene ali wachinyengo. Galimoto imafa ndithu, ndipo zitsulo zake zimachokera kutali. Munthu woona amatumiza uthenga msanga, ndipo sakana kukambirana za mtengo. Munthu wotere tisamnyoze, pakuti chaka chamawa tidzamfunanso. Dalaivala nthawi zambiri ndi wolembedwa ntchito chabe. Tisakangane naye. Tiimbe foni kwa mwini wake amene tinapangana naye.

NDALAMA YOTSOGOZA

Mkangano waukulu umabuka pa ndalama yotsogoza. Tisapereke ndalama yonse galimoto isanafike. Tipereke gawo lochepa, lotsala tikapereke katundu atatsitsidwa ndi kuwerengedwa. Tikatumiza pa foni, monga pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wotsimikiza tisaufafanize, pakuti ndi umboni.

Pali mau amodzi a Chipwitikizi amene ali ndi mphamvu m'malamulo: "sinal", ndiko kuti chikole cha pangano. Buku la malamulo lotchedwa Código Civil, la chaka cha 1966, likugwirabe ntchito m'Mozambique. Ndime 442 ya bukuli imaphunzitsa kuti wopereka sinal akaswa pangano, ndalamayo yapita. Koma wolandira sinal akaswa pangano mwa kulakwa kwake, ayenera kubweza mowirikiza kawiri. Wolandira 2,000 abweza 4,000. Komabe pa pangano ngati lathuli, ndalama yotsogoza sisanduka sinal payokha. Mbali zonse ziwiri ziyenera kugwirizana kuti ndi sinal. Nchifukwa chake mau amenewa alembedwe pa pepala. Tichenjerenso: mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Ife tikasintha maganizo galimoto yoyenera itafika, chikole chathu tataya.

Mwini galimoto akakana kubweza, tisagwire galimoto yake, tisatenge makiyi, tisamenye munthu. Tikatero mlandu utembenukira ife. Tipite ndi pepala ndi mboni zathu kwa amfumu kapena kwa mlembi wa dera lathu. Zikakanika, pali makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1992 kuti aziweruza milandu yaing'ono ngati imeneyi. Wopita kumeneko ndi mau apakamwa okha amabwerako ndi mkangano. Wopita ndi pepala amamvedwa msanga.

TILEMBE PANGANO

Aliyense akopere m'kope lake, ndipo adzaze malo osalembedwa.

Lero pa ........ mwezi wa ........ chaka cha ........
Ife a gulu la ........ tapangana ndi bambo/mayi ........
Galimoto: lole ya matani ........ Nambala yake ........
Katundu: matumba ........ a ........
Kuchokera ku ........ kupita ku ........ tsiku la ........
Mtengo wonse: mametikali ........
Tapereka mametikali ........ ngati sinal.
Ikabwera galimoto yaing'ono, katundu yense adzanyamulidwa pa mtengo womwewu. Ikabwera yaikulu, mtengo sudzakwera. Galimoto ikalephera kubwera, mwini wake adzatidziwitsa dzulo lake.
Mwini galimoto ........ Woimira gulu ........
Mboni yoyamba ........ Mboni yachiwiri ........

Mapepala akhale awiri, lina la gulu, lina la mwini galimoto. Amene sanayambe kulemba dzina lake adinde chala, koma wina amuwerengere mokweza mau onse asanadinde.

MAU OTI TIWADZIWE

hayala, pangano, chikole, mboni, tani, livrete, tara, peso bruto, seguro, sinal

MAFUNSO

1. Kodi pochita hayala galimoto timalipira zinthu zitatu ziti?
2. Nchifukwa chiani tiyenera kukambirana matumba akadali pansi?
3. Mu livrete mwalembedwa kuti peso bruto 5,500, tara 2,500. Kodi galimotoyo ingatenge makilogalamu angati? Ndi matumba angati a makilogalamu 50?
4. Tili ndi matumba 80. Yabwera galimoto ya matani 2. Iyenda maulendo angati?
5. Mwini lole analandira mametikali 1,500 ngati sinal, koma tsiku la pangano anakanyamula katundu wa munthu wina amene anamlonjeza zambiri. Kodi ayenera kubweza zingati?

TIKAMBIRANE

Kodi pa mseu wochokera m'mudzi mwathu pali malo ati amene lole yaikulu singadutse? Ndi miyezi iti? Kodi m'gulu mwathu ndani angasunge pepala la pangano, ndipo ndani angatilankhulire? Nanga amayi, amene amalima ndi kukolola mbeu zomwezi, ali ndi mau pa kusankha galimoto ndi pa kuwerengera ndalama?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Aliyense awerenge matumba amene akuyembekeza kugulitsa chaka chino, alembe chiwerengero chake, ndipo apeze kuti ndi makilogalamu angati. Tikadzakumananso tidzaphatikiza a gulu lonse, kuti tidziwe kukula kwa galimoto imene tidzapangane.

Tilembe chiganizo ichi katatu:

Tiona, tiwerengera, tigwirizana, kenaka tikweza.