Agogo Akuiwala Njira Yakwawo

Mayi athu a ku Mualadzi, boma la Chifunde, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwati apongozi anu aamuna akuiwala mayina a zidzukulu, akusochera pochokera kumunda, ndipo ena pamudzi ayamba kunong'ona za ufiti. Pepani kwambiri. Si ufiti ayi, mwina ndi matenda a ubongo otchedwa dementia, omwe bungwe la WHO likuti agwira anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse.

Pitani nawo kaye kuchipatala, chifukwa chindoko, HIV kapena mowa nazonso zimasokoneza mutu, ndipo zimenezo zili ndi chithandizo.

Kunyumba musawalande ntchito. Manja amakumbuka zomwe mutu waiwala. Apatseni lichero la mtedza asende, atonole chimanga, aluke mkeka ali pakhonde lawo lomwelo. Akalakwitsa musawadzudzule. Moto ndi mankhwala a mbewu zikhale patali, ndipo m'thumba la malaya awo musokeremo kapepala ka dzina ndi nambala ya foni.

Ana awo omwe ali ku Tete aziimba foni madzulo aliwonse, azitchula dzina lawo poyamba, osawafunsa kuti "ndine ndani?" Inunso mayi, muzipumako; achibale azilandizana nanu.