Khola lako lisadikire Capital Hill

Mphwanga, ndamva kuti ndalama ya ngongole ija wagulira mbuzi khumi ndi nkhumba zinayi, ndipo zili kwa Mitundu m'manja mwa mnyamata waganyu. Wachita bwino. Koma mawu aja unandiuza tikudikira minibasi ku depoti ya ku Old Town, akuti zikafa ndi chilala kapena matenda boma lidzakupepesa, andisowetsa tulo.

Ine ndinaweta nkhumba zaka zambiri ndikugwira ntchito ku City Centre. Chaka china chigodola chinalowa m'khola, ndipo pasanathe masabata awiri zonse zinali m'dzenje. Ndinayenda m'maofesi kalata ili m'manja. Palibe anandinyoza. Anangondiuza zoona, kuti thumba la ngozi limayamba lapulumutsa munthu, ndipo amene amayambira ndi uja alibe pogwira.

Tayang'ana zomwe zinachitika mu 2023 ndi 2024. Mu Malichi 2023 Namondwe Freddy anakokolola ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku ku Chikwawa, Nsanje, Phalombe ndi Mulanje. Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Thandizo lomwe linkadutsa ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, linali makamaka chimanga ndi ndalama zogulira chakudya. Mayina ankachokera kumudzi, kudzera kwa mafumu ndi makomiti, kenaka ku khonsolo. Ngakhale mbuzi zomwe pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inagawa ku Chikwawa ndi Nsanje zinali zoti banja losauka liyambire khola, osati kulipira munthu wapamalipiro yemwe ziweto zamufera.

Tsono apa ndipo ndikufuna undimvetse. Udzapeza mnzako amene mumamwera limodzi ku Area 47, wodziwana ndi olemba mayina, akukunong'oneza kuti akhoza kukulowetsa pamndandanda kudzera kumudzi. Ukane. Mndandanda uli ndi malire, ndipo dzina lako likalowa, latuluka la gogo wina yemwe mbuzi yake imodzi inali fizi ya mdzukulu, sopo ndi mchere. Anthu akumudzi salankhula pamaso pako, koma amadziwa. Mawa ndi omwewo udzawapemphe kuti akuthandize kulondola mbuzi zobedwa.

Mphamvu zako uziike pakhola. Chigodola chilibe mankhwala, ndipo katemera wake kuno kulibe. Choncho nkhumba zisamayendeyende, ogula asamalowe m'khola, ndipo zotsala zapambale zokhala ndi nyama ya nkhumba zisapite m'chodyera. Nkhumba yatsopano izikhala payokha kaye. Ukadzawonjezera nkhuku, usamaphonye katemera wa chitopa.

Pokolola, uuze mnyamata asatenthe mapesi ndi masangwi a mtedza. Aziunjike pathandala pamthunzi, ugulenso madeya mitengo isanakwere. Chaka chikaoneka choipa, gulitsako mbuzi zina zikadali ndi mnofu. Ukadikira Okutobala, aliyense adzakhala akugulitsa, ndipo mavenda adzakutchulira mtengo wawo. Ndalamayo uisunge padera, ndiyo idzakudzutsire khola.

Komanso usamawete pafoni. Loweruka lino ukwere ya kwa Mitundu, ukafunefune mlangizi wa ziweto wa dera limenelo, akaone khola ndi maso ake. Ugule kope, mnyamata azilembamo iliyonse yobadwa, yodwala ndi yakufa, iwe uzisayinira mwezi ukatha. Ukabwerako udutse kunyumba, undiuze zomwe mlangiziyo wanena za denga la khola la mbuzi mvula isanayambe.