Mavalavu ndi Hedi: Pomwe Injini Imapumira

Pali njinga yamoto ya matayala anayi onenepa imene amaitcha ATV. Imayenda m'minda, mumchenga, m'matope ndi m'zitunda momwe galimoto wamba singafike. Kampani ya Honda ya ku Japan inayamba ndi ya matayala atatu mu 1970, ndipo Suzuki inatulutsa ya matayala anayi mu 1982. Kwathu kuno njingazi n'zochepa. Koma injini yake sisiyana kwenikweni ndi ya njinga za kabaza zimene timakwera tsiku ndi tsiku. Zambiri zili ndi silinda imodzi, pisitoni imodzi, ndi hedi pamwamba pake. Mukamvetsa ya ATV, ya kabaza simuvutika nayo.

Injini imapuma ngati munthu. Pisitoni ikamatsika, imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo. Ikamakwera, imaupanikiza. Kenaka pulagi imathetheka moto, zosakanizazo zimayaka n'kukankhira pisitoni pansi mwamphamvu. Pisitoni imakweranso kuti itulutse utsi. Maulendo anayiwa akatha, zonse zimayambiranso. Injini yotere anaikonza bwino ndi Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876.

Petulo sayaka payekha. Kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya kuti iyake bwino. N'chifukwa chake munthu amene amangowonjezera petulo pofuna mphamvu amapeza utsi wakuda ndi pulagi yodzaza mwaye. Mphamvu imabwera mpweya wambiri ukalowa ndiponso utsi ukatuluka msanga. Ntchito imeneyi ndi ya mavalavu ndi hedi.

Hedi ndi chivundikiro cha silinda, ndipo nthawi zambiri imakhala ya aluminiyamu. M'kati mwake muli njira ziwiri: yolowera mpweya ndi yotulukira utsi. Njira iliyonse imatsekedwa ndi valavu, kachitsulo kokhala ndi mutu wozungulira ndi mwendo wautali woonda. Kamshafuti imakankha valavu kuti itseguke, ndipo sipuling'i imaibweza kuti itseke. Valavu yolowetsa mpweya imakhala yokulirapo, chifukwa kukoka mpweya n'kovuta kusiyana ndi kukankha utsi. Injini zina zili ndi mavalavu awiri, zina anayi. Yamaha YFZ450 yoyambirira inali ndi asanu pa silinda imodzi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Injini ikazungulira kawiri, valavu imatseguka kamodzi. Ngati injini ikuzungulira maulendo 6,000 pa mphindi, valavu ikutseguka maulendo 3,000. Gawani 3,000 ndi masekondi 60. Mupeza 50. Ndiye kuti kachitsuloka kamatseguka ndi kutseka maulendo 50 pa sekondi imodzi, kali pamoto. Valavu ya utsi imatha kutentha kupitirira madigiri 700. Imazizira makamaka ikakhala pa mpando wake, mphete yolimba imene ili mu hedi. Kutentha kwambiri kumachoka kudzera pamenepo. Valavu imene siikhala bwino pa mpando imapsa m'mphepete, ndipo pamapeto imang'aluka.

Apa m'pamene eni njinga ambiri amasokera. Amathamangira kugula zitsulo zodula pomwe mavalavu amene ali nawo akudontha. Ntchito yoyamba, yotsika mtengo, ndiyo kuyeza mpata.

Pakati pa mwendo wa valavu ndi chitsulo choikankha pamasiyidwa kampata kakang'ono, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Pa injini zambiri zazing'ono mpatawu umakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.15, koma injini iliyonse ili ndi muyeso wake m'buku lake. Makaniko amayeza injini itazizira, ndi timalata topyapyala totchedwa feeler gauge. Kalata koyenera kamalowa mogwiragwira pang'ono, osati mothina, osatinso mokhwepa. Mpata ukakula, injini imalira kuti tche-tche-tche. Phokosolo limakwiyitsa, koma ndi chenjezo labwino. Woopsa ndi mpata wochepa, chifukwa ulibe phokoso. Valavu siitseka yonse, njinga imavuta kulira m'mawa, ndipo mwini wake amangoda pulagi kapena batire.

Chimene chimachepetsa mpatawu kawirikawiri ndi fumbi. ATV imakhalira m'fumbi, chimodzimodzi njinga ya kabaza m'misewu yathu nyengo ya chilimwe. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena ikaikidwa mokhota, fumbi limalowa n'kumapala valavu ndi mpando wake. Valavu imamira pang'onopang'ono mu hedi, mpata n'kutha.

Hedi ikachotsedwa, pali njira yosavuta yodziwira ngati mavalavu akutseka. Igonekeni cham'mbali, mavalavu ali m'malo mwake, ndipo thirani palafini m'njira ya mpweya. Yang'anani kumutu kwa valavu. Pakakhala pouma, ili bwino. Pakayamba kunyowa m'mphepete, ikudontha. Ngati yangodyeka pang'ono, makaniko amapaka phala lokhakhala m'mphepete mwa valavu, amaigwira ndi kamtengo kokhala ndi labala kunsonga, n'kumaipekesa pakati pa zikhato. Akamaliza pamaoneka mzere wotuwa wozungulira valavu yonse, wosadukiza. Phalalo liyenera kutsukidwa lonse. Likatsalira m'kati limadya injini.

Zimenezi zikakhala bwino, m'pamene tingakambe zowonjezera mphamvu.

Amisiri odziwa amasema mpando wa valavu mopendekeka patatu: madigiri 30, 45 ndi 60. Valavu imakhala pa 45, ndipo mbali ziwiri zinazo zimathandiza mpweya kukhota mosavuta. Pamafunika makina ndi dzanja lokhazikika, koma phindu lake limaoneka ngakhale pa injini imene simunasinthe china chilichonse.

Ena amapala njira za mu hedi kuti achotse mabampu amene anatsalira pokonza. Kuchotsa mabampu n'kwabwino. Kukulitsa njira mopitirira muyeso n'kuwononga. Njira ikakula kwambiri, mpweya umayenda pang'onopang'ono, ndipo njinga imafooka poyamba kuyenda ndi pokwera chitunda, pomwe mlimi amaifunira mphamvu. Njira yolowera mpweya saiwalitsa kwambiri, kuti petulo asamatirire m'mbali. Ya utsi ndiyo amaisalaza kuti mwaye usakanirire. Kumbukirani kuti aluminiyamu amene mwapala sabwereranso.

Mavalavu enieniwo amasiyananso. A titanium ndi opepuka kwambiri, choncho amalola injini kuzungulira mothamanga. Koma ndi odula, ndipo ali ndi khungu lopyapyala lolimba limene likangoperepeseka, valavu imatha msanga. Amenewa sapekesa ndi phala. A chitsulo chosachita dzimbiri amakhalitsa, koma ndi olemera. Mukaika olemera m'malo mwa opepuka, sinthaninso masipuling'i. Sipuling'i yofooka imalephera kubweza valavu pa nthawi yake, valavu imatsala panjira, pisitoni n'kuimenya. Zikatero mumagula valavu, pisitoni, mwinanso hedi yonse.

Palinso kupala pansi pa hedi kuti malo oyakiramo moto achepe. Mpweya umapanikizika kwambiri, mphamvu imakwera. Koma injini imatentha, imayamba kugogoda ngati petulo ali wosayenera, ndipo pisitoni imayandikira mavalavu. Ine ndimati njinga yogwira ntchito ya kumunda kapena yonyamula anthu isapalidwe hedi, pokhapokha itapindika ndi kutentha.

Mpweya ukachuluka, petulo nayenso awonjezedwe, posintha majeti a kabureta kapena pokonza kompyuta ya injini. Mukasiya osasintha, injini imatentha mopitirira ndipo valavu ya utsi imapsa. Pobwezera hedi ikani gasiketi yatsopano. Mabawuti amangeni pang'onopang'ono modumphitsa, ili kenaka la kutsidya, mpaka pa muyeso wa m'buku.

Wothamangitsa njinga pa mpikisano angathe kugula zonsezi, chifukwa amatsegula injini yake pafupipafupi. Inu amene njinga imakudyetsani, yambani ndi kutsuka fyuluta. Kenaka mukapita kugalaja, afunseni amakaniko kuti, "Bambo, mpata wa mavalavu mwayeza?" Akayankha kuti amangomvera ndi khutu, apempheni atenge feeler gauge ayeze inu mukuona.