Miyala yanga ingodyedwa pa Go

Funso: A Mlangizi, ndayamba kusewera Go pafoni, masewera a miyala yakuda ndi yoyera aja ochokera ku China. Pa bawo sindigonja wamba, koma kuno miyala yanga ingodyedwa. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Mwabwera ndi dyera la pa bawo, achimwene. Pa Go amapambana ndi amene wazinga malo ambiri, kudya miyala kumangothandizira. Inu mukamalimbana ndi mwala umodzi, mnzanu akutenga dera lonse.

Mwala umakhala moyo ngati uli ndi mpata, kutanthauza mphambano yopanda kanthu yoyandikana nawo motsata mizere. Wapakati uli ndi mipata inayi, wam'mphepete itatu, wapakona iwiri. Yonse ikatsekedwa, wadyedwa. Choncho musanaike mwala, werengani mipata ya gulu lanu lililonse. Ukatsala umodzi, thawani kapena lilumikizeni ndi gulu lina. Gulu lokhala ndi mipata iwiri yosiyana m'kati mwake, imene amaitcha maso, silidyedwa, chifukwa mdani sangatseke yonse iwiri nthawi imodzi. Apa ndiye pogwiritsitsa.

Bolodi la mizere 19 mbali zonse, la mphambano 361, lisiyeni kaye, yambani ndi la mizere 9. Mukadzafika pa lalikulu, muziyambira m'makona, kumene malo amazingidwa ndi miyala yochepa, kenako m'mphepete, pakati pomaliza.

Kugonjetsedwa ndi kompyuta kusakudandaulitseni, mu 2016 pulogalamu ya kompyuta yotchedwa AlphaGo inagonjetsa katswiri Lee Sedol 4-1. Koma magulu anu akamafabe mofanana, pezani wodziwa akulole kuika miyala ingapo musanayambe, mukamaliza akusonyezeni pamene munataya mipata.